Madzi Akayamba Kuphwa pa Severn

Mtsinje wa Severn ukadzaza, m'tauni ya Bewdley ku England mumakhala magulu awiri a anthu oyang'ana madzi. Loyamba ndi la eni nyumba ndi masitolo a m'mphepete mwa mtsinje, amene amaonerera antchito a bungwe la boma la Environment Agency akuimika zotchinga zachitsulo, kenako n'kumayeza ndi maso kuti kwatsala pang'ono bwanji kuti madzi adumphe. Mantha awo ndi omveka. Mu Febuluwale 2020, namondwe Dennis atadutsa, mvula ina n'kuonjezera, madzi anadumphadi zotchinga za tsidya la Wribbenhall n'kulowa m'nyumba za anthu. Ngakhale mlatho wamiyala umene tauniyi imanyadira, womangidwa ndi Thomas Telford mu 1798, unabwera chifukwa chigumula cha 1795 chinaononga wakale. Gulu lachiwiri ndi laling'ono, ndipo silidzionetsera poti likudziwa kuti anzawo ali pa mavuto. Awa amasuzumira pa foni m'mawa ndi madzulo kuona manambala a boma osonyeza pomwe madzi afika, kudikira kuti mtsinje ufike pachimake, uime, uyambe kutsika. Zikatero amatulutsa m'firiji chibulunga cha tchizi chonunkha n'kuyamba kusaka jombo zawo. Gulu limeneli ndalowamo mosayembekezera, ndipo mtima wanga wakana kutulukamo.

Ndine wa ku Chikwawa, ndipo kwathu munthu saphunzitsidwa kukonda mtsinje wodzaza. Mtsinje wa Shire ukakwiya, kapena wa Mwanza ukatsika ndi mchenga wake, nkhani imakhala yothawitsira ana, mbuzi ndi matumba a chimanga kumtunda. Chigumula cha Januwale 2015 ndinachiona ndi maso anga. Cha namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndinachimvera pa foni ndili kuno ku England, tulo osabwera, ndikuimba manambala osalowa. Choncho pamene bambo ena achikulire amene ndimagwira nawo ntchito ku Kidderminster anandiuza kuti Loweruka tikawedze nsomba yotchedwa chub chifukwa mtsinje wasefukira bwino, ndinayamba ndawayang'ana nkhope kuti ndione ngati akuseka. Sankaseka. Iwowa ndi a ku Black Country, anapuma kale ntchito ya m'fakitale koma kukhala pakhomo kunawakanika, ndipo Severn anayamba kuuwedza ali mwana wa sukulu.

"Achikulire, madzi onsewa, nsombayo tikaipeza pati?"

"Mphwanga, madzi akachuluka malo okhala nsomba amachepa. Masiku enawa ndimachita kuisaka. Tsiku ngati Loweruka likubwerali ndimadziwa khomo lake."

Severn ndi mtsinje wautali kuposa yonse mu Britain, makilomita 354 kuchokera m'mapiri a Plynlimon ku Wales mpaka kukathira m'nyanja kumunsi kwa Gloucester. Mvula yambiri imene imaudzaza sigwa ku Bewdley, imagwa kumapiriko. Madziwo amatsika kudutsa Welshpool, Shrewsbury, Ironbridge ndi Bridgnorth, ndipo amatenga masiku asanafike kuno. N'chifukwa chake mtsinjewu utha kumakwera kumwamba kuli mbee, chinthu chimene aliyense wa ku Chigwa cha Shire amachidziwa bwino, poti mvula ya ku Mwanza ndi ku Thyolo imakupeza uli pouma. Msodzi wa ku Bewdley ndiye sayang'ana nambala ya kwawo yokha. Amayamba ndi ya ku Shrewsbury, chifukwa zimene zili kumeneko lero zifika pakhomo pake mawa kapena mkuja.

Ndipo si chigumula chilichonse chimene amachikondwerera. Mtsinje ukamakwera umanyamula masamba, nthambi ndi zinyalala za m'minda, ndipo chingwe chikangolowa m'madzi chimakoleka zimenezi nthawi yomweyo, nsomba nazonso zili kalikiliki kusaka pobisala. Madzi a sinowo wosungunuka ndiye oipitsitsa, chifukwa amazizitsa mtsinje mwadzidzidzi, n'kutsukiramonso mchere umene amawaza m'misewu nyengo yozizira. Thupi la nsomba limatsatira kuzizira kwa madzi, ndipo likazizira kwambiri m'mimba mumagaya pang'onopang'ono, njala n'kutha. Chigumula chabwino ndi cha mvula yofunda yochokera ku nyanja ya Atlantic ndi mphepo ya kumwera chakumadzulo, makamaka ikabwera patapita masiku a chisanu. Achikulirewo amayenda ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi komangirira ku kachingwe, ndipo anandiuza kuti nambala payokha siwauza zambiri. Chimene amafuna kudziwa n'choti ikulowera kuti. Madigiri 6 ochokera pa 4 ndi uthenga wabwino kuposa madigiri 8 otsika kuchokera pa 10.

Ndisanagwire mbedza, achikulirewo anandiuza kuti ndigule kaye mapepala. Ku England aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo amafunika laisensi ya Environment Agency kuti awedze ndi ndodo m'mitsinje ndi m'madamu, ndipo wogwidwa alibe atha kulipitsidwa mpaka £2,500. Koma laisensiyo sikupatsa gombe. Gombe lililonse lili ndi mwini wake, ndipo malo ambiri abwino a m'mbali mwa Severn, Teme ndi Avon ali m'manja mwa magulu a asodzi monga Birmingham Anglers Association, kumene umalipira umembala kapena tikiti ya tsiku. Kwa munthu wozolowera kuti mtsinje ndi wa Mulungu ndi amfumu, izi zinandiwawa pang'ono m'thumba ndi mumtima momwe.

Tinaimika galimoto kumtunda kwa Bewdley, cha ku Arley, kumene njanji ya sitima zakale zamalasha ya Severn Valley Railway imatsata mtsinje. Msipu wa nkhosa umene tinadutsa unali utangovundukuka m'madzi, udzu wonse utagona mbali imodzi, utapakidwa matope osalala oterera. M'nthambi za mitengo ya m'gombe, pamwamba kuposa mutu wanga, munali mutakoleka udzu wouma ndi mapepala a pulasitiki, chizindikiro cha pamene madzi anafika masiku apitawo. Mtsinjewo unali wa mtundu wa thobwa la mawere, wotakata, wothamanga, ukulira pansipansi. Miyendo yanga inafuna kubwerera ku galimoto payokha.

Achikulire aja sanamasule ndodo. Anandiimika pansi pa mtengo, kutali pang'ono ndi madzi, n'kutola timitengo touma todzaza dzanja. Koyamba anakaponya pakati pa mtsinje, ndipo tisanamalize kukayang'ana kanali katafika kale pokhota. Kachiwiri anakaponya pafupi, kuseri kwa mtengo wa willow umene unagwera m'madzi mizu ili m'gombe. Kameneka kanayenda pang'ono, kanazengereza, kanatembenuka, kenako n'kuyamba kubwerera kumtunda, motsutsana ndi mtsinje wonse. Kachitatu anakagwetsa pakati pa malo awiriwa, ndipo kanatsetsereka mwaulemu, pa liwiro la munthu woyenda osafulumira, kutsata kamzere ka thovu kamene ndinali ndisanakaone mpaka nthawi imeneyo.

Kamzereko ndi kamene kanandigwira mtima, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa mlatho uliwonse ndimaima kukafunafuna. Ndinakula ndikuona chigumula ngati chinthu chimodzi, madzi amodzi aukali oyenera kuwathawa. Nditaima pamenepo ndinayamba kuona kuti mu mtsinje umodzi muli madzi ambirimbiri osiyana khalidwe, oyandikana koma osasakanikirana. Pali othamanga apakati, pali obwerera m'mbuyo kuseri kwa chitsamba, pali owira ochokera pansi n'kumatumphuka pamwamba, pali ogona phee pa khomo la kamtsinje kakang'ono kamene Severn wakatsekera kuti kasatuluke. Ndipo pamene othamanga akhudzana ndi odekha pamakhala malire ooneka ndi maso, okhala ndi tithovu ndi timadzi tozungulira.

Nsomba ya chub imakhala m'mbali mwa malirewo, ku mbali yodekha. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. M'nyengo yozizira nsomba singathe kulimbana ndi madzi apakati tsiku lonse, mphamvu zingaithere isanapeze chobwezera. Komanso singakabisale kutali kumene chakudya sichifika. Ndiye imaima pamene ingapume osalimbana, mphuno italoza ku madzi othamanga amene akudutsa ndi nyongolotsi zokokoloka m'minda, nkhono, tizilombo ndi tinsomba tofooka. Ikaona kapena kununkhiza kanthu imasuntha pang'ono, n'kutola, n'kubwerera pamalo pake. Malo otere pa mtsinje wodzaza ndi owerengeka, ndipo pafupifupi onse ali m'mphepete, ena pansi penipeni pa mapazi a msodzi. Apa m'pamene ndinamvetsa za khomo lija. Achikulirewo anandichenjezanso kuti si podekha paliponse pamene pali nsomba. Pamene madzi akuzungulira mwamphamvu n'kumawira, masamba akuvina m'mwamba ndi pansi, chub sikhalapo. Imafuna oyenda mosalala, ndipo ikapeza denga la nthambi pamwamba pake ndiye yafika.

Pali nsomba ina mu Severn yotchedwa barbel, ya ndevu, imene imadya ngakhale madzi ali ofiira psuu chifukwa imasaka ndi ndevuzo pansi. Siyobadwira muno. Anaibweretsa mu 1956, nsomba 509 zochokera mu mtsinje wa Kennet, ndipo lero ndi imene imakoka asodzi ambiri kubwera kuno. Chub imadalira maso kwambiri kuposa barbel, choncho nthawi yake ndi pamene matope ayamba kukhazikika. Muyeso wa achikulire aja ndi kachidutswa ka buledi. Amakagwetsa m'mphepete, ndipo ngati akukaonabe katamira pafupifupi masentimita 30, amati madzi apsa.

Zida zake zinandidabwitsa ndi kuchepa kwake. Ndodo ya mamita atatu ndi theka yokhala ndi nsonga yopyapyala yopakidwa utoto woyera, chokulungira chingwe, mbedza imodzi yaikulu, ndi timipira tiwiri kapena titatu tolemetsa tomangirira pa kachingwe kakafupi pamwamba pa mbedzayo. Timipirato si ta mtovu. Kuyambira mu 1987 malamulo analetsa mtovu wa misinkhu imene asodzi amagwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa mbalame zikuluzikulu zoyera zotchedwa swan zinkaumeza pofuna timiyala togayira chakudya, n'kumafa. Luso lili pa kulemera kwake. Sufuna cholemera chokhazikika nji pansi ngati nangula. Ufuna chongokwanira kugwira, choti ukaponya m'madzi othamanga chigubuduzike pang'onopang'ono mpaka chikaime chokha pa malire paja, pamene chakudya chenicheni chikanaimanso.

Nyambo ndiye nkhani ina. Atatsegula kachitini, ndinabwerera m'mbuyo. Amapala tchizi cha Cheddar, n'kusakaniza ndi tchizi cha nkhungu yobiriwira monga Stilton, n'kukanda pamodzi ndi ufa wa tirigu wokandidwa kale ndi mafuta, kuonjezera majarini pang'ono ndi adyo. Majariniwo ali ndi ntchito, chifukwa tchizi chikalowa m'madzi ozizira chimauma gwa, mbedza n'kulephera kutuluka kuti ikole. Chotsala pa ulendo sachitaya. Amachibwezera m'firiji n'kudzachisakaniza ndi chatsopano, ndipo chibulunga chawocho amati chili ndi mbali zina zakale kuposa mdzukulu wawo wamng'ono. Sindinafunse zambiri. M'madzi ovunduka fungo ndi limene limayenda kutali, n'chifukwa chake nyongolotsi zikuluzikulu ndi nyama ya m'chitini nazonso zimagwira ntchito. Chub sisankha. M'chilimwe imadya nkhono zopanda chigoba, achule aang'ono, ziwala, ngakhale zipatso zogwa m'mitengo ya m'gombe.

Koma kususuka konseku kumayenda ndi mantha odabwitsa. Izaak Walton, amene buku lake la The Compleat Angler linatuluka mu 1653, analemba kale za kuopa kwa nsomba imeneyi, ndipo palibe chasintha. Nsomba za banja la carp, kumene chub ili, zili ndi timafupa tolumikiza kathumba ka mpweya ka m'mimba ndi khutu lamkati, choncho zimamva bwino kwambiri. Zilinso ndi mzere m'mbali mwa thupi umene umamva kugwedezeka kwa madzi. Ukaponda mwamphamvu pa gombe, kapena ukaima chilili mthunzi wako n'kugwera pamadzi, yapita, ndipo suona n'komwe kuti inalipo. Tinkayenda kutali ndi mphepete, n'kuyandikira malo aliwonse chowerama, kumalankhula monong'ona. Pa malo angapo achikulirewo anaponyapo kadzanja ka buledi wonyowetsa n'kufinya, osawedzapo, n'kupitirira. Anati tiwasiye aiwale za ife, tidzawapeza pobwerera.

Kukhala pansi pafupi chotere ndi madzi ofiira kunandivuta poyamba, ndipo sichinali chigumula chokha. Kwathu munthu sakhala chogwada pa gombe la Shire madzulo, nkhope ili pafupi ndi madzi osaoneka pansi. Khosi linkandiyabwa. Chipika chilichonse choyandama ndinkachiyang'ana kawiri. Nditawauza achikulirewo za ng'ona anaseka mosatulutsa mawu mpaka misozi, kenako anakhala chete kanthawi n'kunena kuti tsopano amvetsa chifukwa chake ndimayenda mwakachetechete kuposa anthu onse amene anawaphunzitsapo.

Msodzi wa chub sakhazikika. Pa malo amodzi timakhala mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono, pakapanda kanthu n'kunyamuka, chifukwa ngati nsombayo ilipo ndipo ili ndi njala sichedwa. Maso onse amakhala pa nsonga yoyera ija. Imagwedera nthawi zonse ndi kukoka kwa madzi, ndipo tsamba likakoleka pa chingwe imapindika pang'onopang'ono osabwerera. Zimenezo ndinaziphunzira msanga poti zinachitika kambirimbiri. Malo oyamba anali zii, achiwiri chimodzimodzi. Zala zinachita dzanzi, ndipo dzuwa la nyengo yozizira, limene kuno limalowa cha m'ma 4 koloko, linali litayamba kale kupendeka.

Tinabwerera pa mtengo wogwa uja. Ndinakanikiza tchizi pa mbedza kusiya nsonga yake ili kunja, n'kuponya chapansipansi, mamita osaposa anayi kuchokera pomwe ndinakhala. Ndinamva m'dzanja timipira tija tikugunda pansi, kugubuduzika, kuima. Panapita kanthawi. Kenako nsonga inagwedezeka kamodzi, mwamsanga, mosiyana ndi kugwedera kwa madzi. Inabwerera. Inagwedezekanso, ndipo isanawongoke inapindika yonse kuloza kumadzi, ndodo n'kufuna kuchoka pa bondo langa.

"Kweza! Usaipatse chingwe, ikupita ku mizu!"

Nkhondo ya chub ili m'masekondi oyambirira. Imadziwa muzu uliwonse wa pakhomo pake ndipo imathamangira komweko, ndiye ukainyengerera imakulunga chingwe m'nthambi n'kukusiyira mbedza yokoleka pa mtengo. Ndinapendeketsa ndodo kumbali monga ankandiuzira, ndikumva kugunda kolemera kukwera m'chingwe mpaka m'chigongono. Inakana, inakananso, kenako inatembenuka n'kutulukira poyera. Itangochoka ku mizu mphamvu zake zinatha msanga, ndipo chimene ndinayamba kuona m'madzi ofiirawo ndi kamwa, lalikulu, lozungulira, la milomo yoyera yochindikala. Achikulirewo anailowetsa m'kaukonde ka mpini wautali n'kuigoneka pa kamphasa kofewa konyowetsa.

Sindinaonepo nsomba yooneka yolimba chotero pa msinkhu wake. Mutu wotakata wosasongoka, msana wakuda mobiriwira, m'mbali mamba akuluakulu a mtundu wa mkuwa, lililonse lokhala ndi mphepete yakuda moti thupi lonse limaoneka lolukidwa. Zipsepse za kumimba zinali zofiirira, mchira wakuda. Anandionetsa chipsepse cha pafupi ndi mchira, chakunsi, kuti m'mphepete mwake ndi motukuka, ndipo ndi mmene amasiyanitsira chub yaing'ono ndi msuweni wake dace, amene chake ndi cholowa mkati. M'kamwa mulibe dzino ngakhale limodzi, koma nditafuna kusuzumira ndi chala anandigwira dzanja. Mano ake ali kukhosi, ndipo amaphwanya chigoba cha nkhanu za signal crayfish, zimene zinachokera ku America m'zaka za m'ma 1970 n'kufalikira m'mitsinje yambiri ya kuno. Asodzi ambiri amati nkhanu zimenezi ndi zina mwa zimene zanenepetsa chub m'mitsinje ina. Pa sikelo inatsala pang'ono kukwana makilogalamu awiri, chimene iwo amati mapaundi anayi, chifukwa asodzi a kuno sanasiye miyeso yakale. Ya mapaundi asanu imakhala yoimbira anzako foni, ndipo zoposa makilogalamu anayi zagwidwapo mu Britain koma n'zosowa kwambiri.

Nditaiyang'anitsitsa ndinaona nkhope yodziwika. Ndi m'bale wa patali wa matemba a ku Chilwa, ntchila ndi mpasa, zonse za fuko lalikulu lomwelo la carp. Manja anga anali atayamba kale kuganiza za mpeni, tomato ndi anyezi.

"Tsopano igwire bwino, manja anyowe. Tiibweze."

Ndinkadziwa kuti zidzatero, anandiuza tisananyamuke, koma kudziwa ndi kuchita ndi zinthu ziwiri. Ndinaitsitsira m'madzi ili m'kaukonde, mutu utaloza kumtunda, mpaka inayamba kupuma bwino n'kudziwongola. Inakhala kanthawi pa dzanja langa, kenako inakankha kamodzi ndi mchira n'kulowa m'matope muja. Malamulo a ku England amalola munthu kutenga mu mtsinje tinsomba 15 patsiku ta mitundu ngati chub tosapitirira masentimita 20, ndipo yaikulu ngati imeneyi iyenera kubwerera. Magulu ambiri a asodzi salola kutenga ngakhale kamodzi. Nkhani imeneyi yakhala ikuyambanitsa eni dziko ndi obwera ochokera kumaiko kumene nsomba ya mu mtsinje ndi ndiwo, mpaka bungwe la Angling Trust linayambitsa ntchito yotchedwa Building Bridges yofotokozera obwerawo malamulo. A kwathu amene muli kuno, zimenezi muzidziwe musanapite ku mtsinje ndi thumba.

Ine sindinganene kuti wodya nsomba ndi wosazindikira, chifukwa ndinaleredwa ndi mlamba ndi makakana a mu Shire. Koma ndikaganiza za chiwerengero cha anthu a ku Birmingham ndi matauni ozungulira amene amafika pa mtsinje umenewu, komanso kuti chub ya msinkhu uwu itha kukhala ndi zaka 10 kapena kuposerapo, ndikuona kuti aliyense akanamatenga yake bwenzi pa mtengo wogwa uja palibe kanthu. Ntchila inali nsomba yochuluka m'nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1950, ndipo inatha mphamvu anthu ataichinga ndi maukonde pa makomo a mitsinje pamene inkakwera kukaswana. Chinanditonthozanso n'chakuti chub, malinga ndi onse amene anailawapo, ndi ya minga yambiri ndi mnofu wofewa wosakoma kwenikweni. Walton yemwe uja anachita kulemba njira yapadera yoiphikira kuti idyeke. Mayi a kunyumba sizinawagwire mtima zonsezi. Atayang'ana chithunzi pa foni, n'kuyang'ana matope a pa buluku langa, anangofunsa kuti, "Ndiye bambo, tidyera chithunzichi?"

Pali zina zosakoma zimene chikondi changa chatsopanochi sichingabise. Zoyera zina zokoleka m'nthambi zija si mapepala wamba, ndi tinsalu topukutira tochokera m'zimbudzi. Mvula ikachuluka, mipope ya zonyansa imaloledwa kutayira m'mitsinje kuti zisabwerere m'nyumba, ndipo mu 2023 mipope yotere inatayira kwa maola okwana 3.6 miliyoni mu England monse, malinga ndi Environment Agency. Asodzi ndi ena mwa anthu amene akhala akufuula kwambiri za nkhaniyi, poti ndi amene amazigwira ndi manja. Palinso matenda a Weil ochokera mu mkodzo wa makoswe, olowera pa bala. Achikulirewo amamata chilonda chilichonse asanafike kumadzi, ndipo sagwira chakudya asanatsuke m'manja ndi mankhwala.

Gombe nalo limanyenga. Chigumula chimakumba pansi n'kusiya udzu pamwamba ukuoneka wolimba, ndipo munthu wogwera m'madzi a madigiri 6 atavala jombo ndi majekete mpweya umamuthawa asanayambe n'kusambira komwe. Lamulo lawo ndi loti mtsinje ukamakwera sapita, ndipo pofika pa malo amayamba ayang'ana kumbuyo, chifukwa madzi amakonda kudzaza kaye kunsi kwa munda n'kumusiya munthu pa chilumba. Amabaya kamtengo m'mphepete mwa madzi n'kumakayang'ana, kuti adziwe ngati mtsinje wasintha maganizo. Pamenepa sanafunike kundiuza kawiri. Mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi, ndipo ife a kuchigwa tinaika maliro okwanira kuti tiukumbukire.

Nsomba nazo chigumula sichizisiya zonse bwino. Zina zimatsata madzi kulowa m'minda n'kutsekeredwa m'zithaphwi mtsinje ukabwerera, moti ku Worcester antchito a Environment Agency akhala akukawola nsomba pa bwalo la mpikisano wa akavalo la Pitchcroft n'kuzibwezera mu Severn. Chigumula cha m'chilimwe ndiye chimakokolola tiana tongoswedwa kumene, tisanakhale ndi mphamvu zofikira podekha.

Nthawi yatsala pang'ono. Pa mitsinje ya ku England kuwedza nsomba za mtundu uwu kumatsekedwa kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni, kuti ziswane mwamtendere pa timiyala ta m'madzi osaya, ndipo masabata otsiriza asanatseke ndi pamene chub imakhala yonenepa kwambiri. Achikulire aja akuti ulendo wotsatira ndi wa ku Teme, mtsinje wocheperapo umene umathira mu Severn kumunsi kwa Worcester. Umenewo umadzaza msanga n'kuphwanso msanga, magombe ake ndi aatali ndi oterera, ndipo akuti ndikagule chingwe cholimba chomangirira ku mtengo potsika. Ndagula ndodo yanga yakale pa mtengo wotsika, ndipo tchizi ndakanda changa, chimene chaloledwa kukhala m'firiji pokhapokha chili m'zitini ziwiri, china mkati mwa chinzake. Anenera mvula yofunda ku Wales Lachitatu likubwerali, ndiye ndapempha kale kusinthana shifiti ya Lamlungu ndi mnzanga wa ku Zimbabwe.